Adadwazika Ndani?

Mwambi wakuti "maliro n'kulirana" ngwodziwika kwa aliyense, ngakhale kwa ana amene sadapondeko kumanda. Utanthauza kuti munthu wopita pa zovuta za anzake, anzakewo adzafikanso pa zake. Mwambiwu ukadali ndi mphamvu. Uthenga wa imfa ukangomveka, magalimoto amanyamuka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, abale a ku Johannesburg amasonkha ndalama usiku womwewo, ndipo bokosi lonyezimira limafika pamudzi dzuwa lisadalowe kawiri. Koma pa siwa, nyimbo zikadukiza, pamakhala funso limene amayi achikulire amafunsana chapansipansi: "Kodi adadwazika ndani?" Funso limeneli silinenedwa pa chimkuzamawu, koma ndi limene mudzi umayezera nalo banja. Bokosi ligulika tsiku limodzi, pamene kudwazika nkhalamba kumatha miyezi, mwinanso zaka, ndipo kumachitikira kuseri kwa chitseko kumene kulibe wowomba m'manja.

Mawu akuti kudwazika achokera ku kudwala, koma asiyana kutali ndi kudwalitsa. Wodwalitsa ndiye wobweretsa nthenda, pamene wodwazika ndiye wokhala pambali pa wodwala usana ndi usiku. Asiyananso ndi kuzonda. Wozonda amabwera ndi kambale ka ufa kapena nthochi zingapo, nakhala pansi, nafunsa kuti, "Matenda agona bwanji?" kenaka n'kutsazika dzuwa likapendeka. Kuzonda n'kwabwino ndipo kumalimbitsa mtima, koma wozonda amakagona kwawo. Pa funso lake lija palinso china choyenera kuchiona. M'Chichewa mawu akuti "matenda" amaimira nthenda, amaimiranso munthu wodwalayo. Tsono pamene anena kuti "uje akudwazika matenda", ndiye kuti wasenza zonse ziwiri, munthu pamodzi ndi chimene chikumudya.

Mwa Achewa ndi Amang'anja, kumene mtundu umatsata kuchikazi, matenda aakulu sadali a nyumba imodzi. Nkhalamba ikagona masiku angapo osatuluka kukaothera dzuwa, a m'nyumbamo ankayenera kukanena kwa mwini mbumba, ndiye kuti mlongo wake wa mayi wa pamudzipo, amene ana amamutcha malume kapena atsibweni. Ngati wodwalayo adali mkamwini, bambo wokalambira kwa mkazi wake, uthenga unkadzera mwa ankhoswe kupita kumene adabadwira. Abale akewo ankabwera kudzaona, ndipo kawirikawiri, akaona kuti matenda afika pa kayakaya, ankapempha kuti amutenge akatsirizikire pakati pa alongo ake. Kubisa matenda udali mlandu. Banja lotumiza uthenga wa maliro lisadatumizepo wa matenda linkafunsidwa kuti, "Mwatiitanira mtembo, nanga munthu mudatibisiranji?" Nthawi zina mwambo wonse unkaima kufikira olakwawo atapepesa.

Ena amaona ngati mwambo wa kunena matenda udangochokera pa kukayikirana, kuti wina asadzanenedwe kuti ndiye adapha. Mbali imeneyo idalipo ndithu, ndipo palibe chifukwa choibisira. Koma phindu lake lalikulu lidali lina. Munthu wouzidwa matenda sakadathanso kunena kuti sadadziwe. Uthengawo unkamumanga kuti abwere, ndipo akabwera ankapatsidwa gawo lake. Motero mtolo unkagawika usadathyole khosi la munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Magawowo adali ndi malire ake, ndipo malirewo ankaikidwa ndi ulemu. Mwana wamwamuna sankasambitsa mayi wake, mwana wamkazi sankasambitsa bambo wake, ndipo mkamwini sankalowa kumene kwagona apongozi ake aakazi. Izi sizidapatse amuna ufulu wongokhala pabwalo n'kumasewera bawo. Nkhuni za moto wa usiku wonse zidali zawo, kufolera denga lodontha pamwamba pa wodwala kudali kwawo, kumunyamula pa machira kudali kwawo, ndiponso kulima munda wa mayi amene khasu lake laima chifukwa cha kudwazika. Ntchito ya pathupi, monga kusambitsa, kupukuta ndi kuchapa nsalu zodetsedwa, inkagwera abale ake a wodwalayo, akazi kwa akazi, amuna kwa amuna, ndiponso adzukulu.

Mdzukulu ali ndi malo akeake pa nkhani imeneyi. Pakati pa gogo ndi mdzukulu palibe manyazi aja amene ali pakati pa kholo ndi mwana wake wobereka. Gogo wamkazi amatcha mdzukulu wake wamwamuna "amuna anga", gogo wamwamuna amatcha mdzukulu wamkazi "akazi anga", ndipo amanyogodolana momasuka, anthu n'kumaseka. Ana ambiri a kumudzi adakulira m'nyumba ya gogo, kumvera nthano pamoto ndi kufunda naye bulangete limodzi. Chifukwa cha ichi, nkhalamba imene ingakane kuti mwana wake aione thupi imalola mdzukulu kuitembenuza, mwinanso n'kumutukwana mwanthabwala kuti manja ake ngozizira. N'zochititsa chidwi kuti anthu okumba manda ndi kukonza mtembo nawonso amatchedwa adzukulu, ngakhale kuti iwo amachokera ku mabanja ena ndipo si adzukulu a magazi. Dzinalo amaligawana, ndipo amagawananso ufulu wogwira chimene ana obereka sangachigwire.

Padalinso mwambo wa kudika. Pamudzi pakakhala matenda aakulu, a m'banjamo ankaleka kukhalira pamodzi monga mwamuna ndi mkazi, pokhulupirira kuti munthu wotentha akakhudza wodwala kapena akathira mchere m'ndiwo zake, amamudula. Nthenda ya mdulo kapena tsempho ankaizindikira ndi kutupa kwa miyendo ndi nkhope, kapena chifuwa chosatha. Lero n'zodziwika kuti kutupa kotero mwa okalamba kawirikawiri kumachokera ku mtima kapena impso zofooka, ndipo chifuwa chosatha chingakhale chifuwa chachikulu, chimene chili ndi mankhwala ake kuchipatala. Mwambowu udalizapo anthu osalakwa, makamaka akazi achitsikana okwatiwa kumene, amene ankalozedwa chala matenda akakula. Chabwino chimene chidalimo n'chakuti aliyense wa pamudzi, ngakhale wosalowa m'nyumba ya wodwala, ankadziwa kuti masiku amenewo si masiku wamba. Amene akutaya mantha a mchere angachite bwino kusatayira kumodzi kudziwa kumeneko.

Dongosolo lonseli lidagwedezeka kwambiri m'zaka za m'ma 1990. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985, ndipo mankhwala a ma ARV adayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Pakati pa zaka ziwirizi mtsinje udayenda chokwera phiri. Ana amene akadadwazika makolo awo ndiwo ankabwera kuchokera m'tauni ataonda, kudzagona pa mphasa ya mayi wawo. Amayi a zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi adasambitsa ana awo aakulu, aamuna ndi aakazi omwe, malire a ulemu aja atagonja kaamba kosowa wina wothandiza. Atawaika m'manda adatsala ndi ana amasiye, nayambanso kulera ngati ntchembere zatsopano. Ndi nthawi yomweyo pamene mipingo ndi mabungwe adayamba kuphunzitsa anthu odzipereka oyendera odwala m'makomo, atanyamula sopo, magolovesi ndi mankhwala ochepa.

Tsono mayi amene adali ndi zaka 50 mu 1995 adakwanitsa zaka 80 mu 2025. Nkhalamba zambiri zimene zagona lero m'midzi ndi zomwe zija zidadwazika mtundu wonse. Ana awo ena ali kumanda, otsalawo ali m'tauni kapena kunja kofuna ndalama. Amene ali pafupi kawirikawiri ndi mdzukulu mmodzi, yemwe uja adamulera, ndipo nthawi zambiri amakhala wamkazi.

M'mudzi wina wa m'boma la Dedza mudali gogo wotere. Adagwa pakhomo m'mawa wina wa m'chilimwe akusesa, ndipo pomudzutsa adapeza kuti dzanja ndi mwendo wa kumanja zafa, pakamwa papotoka. Kuchipatala adati ndi sitiroko, yobwera kaamba ka kuthamanga kwa magazi kumene adakhala nako zaka zambiri osadziwa. Atagonekedwa masiku angapo, madokotala adauza abale kuti chimene chikadatheka chachitika, ndipo ndi bwino akamusamalire kunyumba. Wopita naye kunyumbako adali mdzukulu wake, mayi wachitsikana wa mwana mmodzi wa kumsana, amene mayi wake adamwalira iye akukwawa. Mwana wamwamuna yekhayo wotsala wa gogoyo adali ku Johannesburg, ndipo mwezi uliwonse ankatumiza ndalama pa foni mosadumphitsa. Achibale ena a pamudzipo ankabwera kudzazonda, n'kumayamikira kuti mwanayo ali ndi mtima wabwino.

Miyezi iwiri idatha chomwecho. Mvula itagwa anzake adadzala, koma munda wa mdzukuluyo udali thengo. Tulo ankagona ta mbalame, kudzuka katatu kapena kanayi usiku uliwonse. Tsiku lina, atatopa, adakalipira gogo wake chifukwa chodetsa nsalu imene adali atangoyala kumene. Gogoyo, amene lilime lake lidali lolemera, sadayankhe, adangotembenuzira nkhope kukhoma. Mdzukuluyo adatuluka, nakalirira kuseri kwa nkhokwe, ndipo madzulo ake adapita kwa mlongo wake wa gogoyo, nkhalamba nayonso yoyendera ndodo. Atagwada adati, "Agogo, matenda aja andikulira. Ndayamba kulankhula mawu oipa kwa amene adandilera."

Mkuluyo sadamudzudzule. Adaitanitsa mbumba yonse, ana a ang'ono ake a wodwalayo pamodzi ndi amuna awo, ndipo wa ku Johannesburg uja adamuimbira foni kuti amve nawo. Kwa iyeyo adati, "Mphwanga, ndalama zako zikufika ndipo tikuthokoza, koma ndalama sitembenuza munthu." Kwa amayi a pamudziwo adati, "Nonsenu mudadyapo nsima ya m'nyumba imene ija. Kuyambira lero kuzonda kwatha, muyambe kugonako." Adagawana masiku. Amayi awiri ankasinthana usiku, kuti mdzukulu uja azigona kwake kawiri kapena katatu pa sabata. Anyamata adapatsidwa nkhuni ndi madzi. Ndalama za ku Johannesburg zidapatulidwa pawiri: zina zogulira sopo, mafuta odzola, matiresi ndi pepala la pulasitiki loyala pansi pa nsalu, zina zolipira aganyu okalima munda uja. Padalibe chatsopano pa zimene mkuluyo adachita. Adangokumbutsa mbumba mwambo umene inkaudziwa kale, koma idaulekerera chifukwa padapezeka mmodzi wosadandaula.

Wodwazika wosadandaula ndiye amene ayenera kuopedwa kwambiri. Anthu amamutamanda, ndipo kutamandako kumasanduka njira yothawira ntchito. Pakutha pa matenda amapezeka kuti sukulu idamuthera pomwepo, kapena banja lake lagwedezeka, kapena chaka chimenecho alibe chokolola. Akapsa mtima tsiku limodzi, omwe aja ankamutamanda ndiwo amayamba kunena kuti akuzunza nkhalamba. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo pa nyumba ya matenda ndevu zimene zimayamba kupsa ndi za wodwazika.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ili ndi luso lake, ndipo luso lalikulu ndi la kutembenuza. Munthu wogona mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa latsamira pogona, ndipo khungu limayamba kufa. Poyamba pamangoda kapena kufiira, kenaka pamatseguka chilonda chimene chimalowa m'kati kufikira fupa. Malo oyenera kuwayang'ana tsiku lililonse ndi m'chiuno, kumunsi kwa msana, m'mapewa, m'zigongono ndi ku zidendene. Anamwino amalangiza kutembenuza wodwala pakatha maola awiri kapena atatu alionse, kumutsamiritsa ndi nsalu zopindapinda, ndi kusalola kuti agonere ponyowa. Zitenje zakale zofewa, zimene ena amaziona ngati nsanza, ndi chuma pa nthawi imeneyi. Pamene magolovesi palibe, majumbo oyera ovala m'manja amathandiza pochotsa zonyansa. Ndipo ngati thupi likulola, nkhalamba itulutsidwe pakhonde m'mawa, ione nkhuku zake ndi kupatsidwa moni ndi odutsa. Munthu wotsekeredwa m'chipinda cha mdima amayamba kufa m'maganizo a mudzi iye akadapuma.

Mawu a dokotala akuti "mukamusamalire kunyumba" mabanja ambiri amawamva ngati kutayidwa. Ena amakwiya, nayamba kuzungulira ndi wodwala kwa asing'anga ndi kwa alaliki, kugulitsa mbuzi ndi njinga, nkhalamba ikugwedezeka pa ngolo m'misewu ya mabampu. Chikondi ndicho chimawayendetsa, ndipo sayenera kusekedwa. Koma kulephera kuchiza nthenda sikutanthauza kuti chithandizo chatha. Pali nthambi ya zachipatala imene ntchito yake ndi kuchepetsa ululu ndi mavuto a munthu amene nthenda yake singachizike. Idakhazikika ku London mu 1967, pamene Cicely Saunders adatsegula St Christopher's Hospice, ndipo mu 1993 Anne Merriman adaiyambitsa ku Uganda, kumene adafalitsa mankhwala a morphine wamadzi, wotsika mtengo, woti munthu n'kumamwera kunyumba. Ku Malawi kuno chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegula kiliniki ya Tiyanjane mu 2003, bungwe la Palliative Care Association of Malawi lidakhazikitsidwa mu 2005, ndipo ku Salima namwino Lucy Finch adatsegula malo a Ndi Moyo mu 2007. Boma lidatulutsa ndondomeko yake ya chisamaliro chimenechi mu 2014, ndipo m'zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni muli anamwino amene adaphunzira ntchitoyi. Banja lotuluka m'chipatala ndi wodwala wotere liyenera kufunsa za iwo lisadakwere galimoto, pakuti safunsa adadya phula.

Morphine ali ndi mbiri yoopsa m'makutu a anthu. Ena amati ndi mankhwala otsirizira munthu, ndipo amabisa botolo kufikira wodwala atayamba kubuula. Zoona zake n'zakuti akaperekedwa pa muyezo umene adokotala alemba, amachotsa ululu, munthu n'kutha kugona, kudya pang'ono ndi kucheza ndi abale ake. Amamwedwa motsata nthawi, kawirikawiri pakatha maola anayi alionse, osadikira kuti ululu ubwerere. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Botolo lake lisungidwe patali ndi ana. Nkhalamba za kale zidaphunzira kupirira osalira, ndipo zambiri zikafunsidwa zimangoti, "Ndiliko bwino." Wodwazika aphunzire kuwerenga nkhope, makwinya a pamphumi ndi dzanja lofinya nsalu.

Pa chakudya ndi pamene mitima ya odwazika imasweka kwambiri. Mwa anthu a kuno, kudyetsa ndiko kukonda, ndipo munthu wokana nsima amaoneka ngati wakana moyo. Poyamba phala la mgaiwa lothira nsinjiro, Likuni Phala, nthochi yofinya, thobwa kapena msuzi wa nkhuku zimathandiza, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, wodwala atakhazikidwa tsonga kuti asatsamwe. Koma imafika nthawi pamene thupi lenilenilo silifunanso chakudya. Pamenepo kukakamiza supuni m'kamwa kumangobweretsa kutsamwa, ndipo phala likalowera ku mapapo limayambitsa chibayo. Munthuyo sakufa chifukwa chakuti waleka kudya, koma waleka kudya chifukwa ulendo wake wayandikira. Chimene chimatsala ndi kunyowetsa milomo ndi kansalu koyera koviika m'madzi, kupukuta m'kamwa, ndi kupaka mafuta pa milomo youma. Azakhali ofika mochedwa, amene amayamba ndi kufunsa kuti, "Bwanji simukuwadyetsa?" ayenera kutengeredwa pambali ndi kufotokozeredwa, asadalase mtima wa amene wakhala akuyesa kwa miyezi.

Pali chinthu china chimene chaphetsa nkhalamba zambiri, ndicho kusokonezeka kwa mutu. Ukalamba, sitiroko, kutentha kwa thupi kapena nthenda yoiwalaiwala zimachititsa munthu kulankhula ndi anthu amene adamwalira kale, kuiwala ana ake, kuvula zovala, kapena kutuluka usiku n'kukapezeka m'mawa pakhomo pa eni ake. Mudzi wosadziwa umati wagwa pa ndege ya ufiti. Nkhalamba ikayamba kutchula maina a akufa, ena amati ikuulula amene idawadya, chonsecho ikungoitana ana ake amene idawadwazika ndi manja ake. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma lamulo limakhala kutali usiku. Mlonda woyamba wa nkhalamba yosokonezeka ndi banja lake, limene liyenera kukauza mfumu ndi anansi poyera kuti, "Agogo athu mutu sukuyenda bwino, mukawaona panjira muwabweze." Kunena matenda kumagwiranso ntchito pamenepa. Ndipo gogo akamatcha mdzukulu dzina la mwana wake amene adapita kale, palibe chifukwa chomutsutsa. Kuvomera kuti "Ndili pano, amayi" kumamugonetsa bwino kuposa kumukumbutsa za manda.

Nthawi ya matenda ndi nthawinso ya mawu. Akale ankadziwa kuti nkhalamba ikaona kuti mphamvu zikutha imaitana anthu mmodzimmodzi. Imanena malire a munda, kuti achokera pa mtengo wakutiwakuti kukafika pa chulu. Imanena za ngongole, za mbuzi imene idaikizidwa kwa uje, za amene adzayang'anire ana amasiye, ndi za kumene ifuna kukagona. Ena amapepesa, ena amakhululukira. Achinyamata ambiri amathawa nkhani zotere, namati, "Musatero agogo, muchira," poganiza kuti akulimbitsa mtima. Kumeneko ndi kutseka pakamwa munthu amene ali ndi katundu woti atule. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha ngati wina adakhala pansi n'kuwamva. Ndi bwino kuti pa mawu okhudza chuma pakhale anthu oposa mmodzi, ndipo ngati mutu ukadali bwino, alembedwe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limazindikira wilo yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limaletsa kulanda chuma cha masiye. Amene amati adzafunsa mawa akumbukire kuti zengerezu adalinda kwaukwau. Gogo wa ku Dedza uja lilime lidamulemera asadanene za munda wake wa kudimba, ndipo nkhaniyo idavuta pambuyo pake.

Za mapemphero banja lililonse limatsata chikhulupiriro cha wodwalayo, osati cha wodwazika. Mkatolika amaitanirwa wansembe kuti adzamudzoze, wa mpingo wina amaitanirwa abusa, akulu a mpingo kapena amayi a chigwirizano kuti adzaimbe naye, Msilamu amawerengeredwa Qur'an ndi kukumbutsidwa mawu a chikhulupiriro chake. Chofunika n'chakuti obwerawo asadzaze chipinda ndi phokoso, ndipo asalonjeze machiritso kwa munthu amene iye mwini wavomera kale ulendo wake.

Masiku otsiriza ali ndi zizindikiro zimene amayi achikulire a m'midzi amazidziwa bwino kuposa ophunzira ambiri. Wodwala amagona nthawi yaitali, mkodzo umachepa, mapazi ndi manja zimazizira. Kupuma kumasintha: kumathamanga, kenaka kumaima kwa kanthawi, n'kuyambiranso. Pakhosi pamamveka phokoso ngati la madzi, limene limaopsa omva koma kawirikawiri silivutitsa mwini wake, ndipo kumugoneka chammbali kumalichepetsa. Anamwino amanena kuti makutu amatha kumvabe ngakhale munthu atasiya kuyankha, choncho pambali pa mphasa si pokambirana za mtengo wa bokosi kapena za amene adzatenge malata. Ndi nthawi imeneyi pamene uthenga wachiwiri umatumizidwa kwa abale, wakuti, "Ngati mufuna kuwapeza, nyamukani." Wa ku Johannesburg uja sadathe kunyamuka msanga. Adamuikira mayi wake foni pakhutu, iye nalankhula kwa mphindi zingapo, kuwatchula ndi mfunda wawo monga ankachitira ali mnyamata.

Gogoyo adatsirizika m'bandakucha, mvula ya Febuluwale ikuwaza padenga. M'chipindamo mudali amayi awiri achikulire ndi mdzukulu uja, amene usiku umenewo sudali wake koma adakana kupita kukagona. Monga mwa mwambo, ana adatulutsidwa kupita ku nyumba ina. Mmodzi wa amayiwo adatseka maso ndi pakamwa pa malemuyo, nawongola manja ndi miyendo thupi lisadaume, namufunditsa nsalu. Palibe adakweza mawu. Pa Chichewa maliro salira mfumu isadamve, choncho mnyamata adatumidwa kukadzutsa mkulu wa ndodo uja, kuti iye akagogode kwa a mfumu. Kufikira mthengayo atabwerera, amayi atatuwo adakhala chete pa mphasa, nyali ikuyaka, madzi amene adateleka kuti amusambitsire m'mawa akadali pamoto.